Makina Omvera Aliyense

Pompi ikauma ku Kanyama kapena ku George, amai amanyamula zigubu kunka ku zitsime zosaya za kuseri kwa nyumba, zimene kawiri-kawiri ziri pafupi ndi zimbudzi. Anthu a Lusaka akudziwa cimene cimatsatira. Kolera amene anayamba mu October 2017 anasautsa Kanyama koopsa, ndipo mu January 2024 odwala anagonekedwa m'bwalo la mpira la National Heroes.

Madzi a mzinda uno, ena amacokera ku Iolanda pa mtsinje wa Kafue, ena m'zitsime zakuya zoboola ndi makina. Onsewo amakwezedwa ndi mapampu a magetsi, monga cinaonetsera cilala ca 2024, pamene magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse, mapompi nauma. Tsono magetsiwo sayendetsedwanso ndi manja monga kale. Makampani a magetsi ndi a madzi pa dziko lonse ali ndi cipinda cimene munthu, atakhala pa kompyuta, amatsegula ndi kutseka makina ali kutali. Dongosolo limeneli dzina lace ndi SCADA, ndipo ZESCO iri ndi cipinda cotere mu Lusaka.

Bvuto liri m'kapangidwe ka makinawo. Kacipangizo kamene kamayatsa pampu kamalandira malamulo m'cinenero cace. Cimodzi ca zinenero zimenezi, Modbus, cinapangidwa m'caka ca 1979, nthawi imene waya unali kuthera mkati mwa mpanda wa fakitale, ndipo amisiri sanaone cifukwa coti makina azifunsa kuti wolamulayo ndani. Kufikira lero makina ambiri safunsa. Ali ngati mlonda wa pa cipata amene amatsegulira yense woitana, ngakhale usiku. Ndiponso pampu imakhala zaka makumi awiri kapena kuposa, ndipo eni ace amazengereza kukonza zolakwika za m'pulogalamu yace, pakuti kukonzako kumafuna kuimitsa madzi.

Pa 23 December 2015 anyamata a nchito pa kampani ina ya magetsi ku Ukraine anaona zodabwitsa: kacizindikiro ka pa kompyuta kanali kuyenda kokha, kuzima masiteshoni imodzi-imodzi, iwo ali manja lende. Mabanja ndi masitolo okwanira 225,000 anakhala mumdima m'nyengo ya cisanu. Adaniwo analowa miyezi yambiri m'mbuyo mwace, kupyolera m'makalata onyenga a imelo amene anthu a mu ofesi anatsegula, ndipo anakhala phee kuphunzira nchito yonse. Cimene cinabweza magetsi tsiku lomwelo cinali ca kale: amisiri anakwera magalimoto kunka ku masiteshoni, nakayatsa ndi manja.

Nthawi zina mdani safunika kukhala wocenjera. Mu November 2023 anthu ena analanda kacipangizo ka pampu ya madzi ku Aliquippa, mu America. Zipangizo za mtundu umenewo zinali kucoka ku fakitale ziri ndi nambala yacinsinsi 1111, ndipo eni ambiri sanaisinthe. Ndi zocititsa manyazi, koma munthu amene sanasinthe nambala imene foni yace inabwera nayo asafulumire kuseka.

Kodi akuba otere akuidziwa njira ya ku Lusaka? Inde. Mu May 2022 gulu lochedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia, likufuna dipo, koma banki inakana kulipira. Amenewo anali makompyuta a mu ofesi, osati a makina. Komatu ku Ukraine khomo linali la mu ofesi lomwe. Boma linakhazikitsa lamulo la citetezo ca makompyuta mu 2021, ndipo mu 2025 linaika malamulo atsopano m'malo mwace.

Lamulo lokha silitseka cipata. Nchito yaikuru ndiyo kulekanitsa: kompyuta yoyendetsa pampu isakhale pa waya umodzi ndi kompyuta yowerengera makalata, ndipo isaoneke pa intaneti. Kulekanitsako nakonso kuli ndi malire, pakuti Stuxnet, pulogalamu yoononga imene inadziwika mu 2010 itathyola makina a ku Natanz mu Iran, inali kuyenda pa mafulashi a m'thumba. Cotero fulashi ya mlendo isalowetsedwe m'makina. Mmisiri wokonza makina ali kutali apatsidwe khomo la iye yekha, lotsekedwa akatsiriza. Wocoka pa nchito alandidwe mau acinsinsi tsiku lomwelo, monga alandidwa makiyi.

Ndipo pa siteshoni iri yonse pakhale anthu odziwa kuyatsa pampu ndi kuthira klorini popanda kompyuta, oyeseza nchitoyo kawiri-kawiri kuti asaiwale. Ku Aliquippa amisiri anazima kacipangizo kolandidwako, nayendetsa pampu ndi manja, ndipo madzi sanaleke kufika m'nyumba.