MAGAZI OBISIKA M'CHIMBUDZI: MALIRE AIKIDWA POTANI?

Khansa ya m'matumbo imayamba mwakachetechete, ngati katupa kakang'ono kamene kamadontha magazi osaoneka ndi maso. Nchifukwa chake boma la Scotland limatumizira anthu a zaka 50 mpaka 74 kabotolo ka pa positi zaka ziwiri zilizonse, kuti aikemo kachimbudzi pang'ono ndi kubweza kwa opima. Phindu lake lidaoneka mu 1996, pamene madotolo a ku Nottingham adapeza kuti kupima kotere kudachepetsa imfa za nthendayi ndi 15 pa 100.

Komatu magazi paokha sanena kuti munthu ali ndi khansa, pakuti zilonda zina za m'matumbo zimatulutsanso magazi. Kapimidwe katsopano, kotchedwa FIT, kamawerenga kuchuluka kwake. Akachuluka, ngozi nayonso yakula.

Tsono funso nali: malire aikidwe potani? Mu 2017 Scotland idawaika pa mamayikulogalamu 80 pa galamu imodzi ya chimbudzi. England, poyamba mu 2019, idasankha 120. Wopitirira malire amaitanidwa kukaunikidwa m'matumbo ndi kachingwe ka kamera. Malire akatsika, khansa zambiri zimagwidwa msanga, koma oitanidwa amachuluka ndipo madotolo ounika amachepa. Akakwera, odwala ena amatsala osadziwika.

Motero kalata yonena kuti zonse zili bwino siyenera kugonetsa munthu tulo. Woona magazi pochita chimbudzi, kapena wowonda popanda chifukwa, apite kwa dotolo asanadikire kabotolo kena.