Kuloweza Zilembo za Kanji Pakokha Sikuphunzitsa Munthu Cijapanizi

Anthu ambiri amene ayamba kuphunzira Cijapanizi amatha miyezi akuloweza zilembo zochedwa kanji, koma akapatsidwa nyuzipepala amalephera kumva ngakhale ciganizo cimodzi. Cimene cimasoweka ndi galamala, kutanthauza malamulo a cinenero, amene ayenera kuphunziridwa pamodzi ndi zilembozo kuyambira paciyambi.

Cijapanizi cimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo. Pali hiragana ndi katakana, ndipo mtundu uliwonse uli ndi zilembo zoyambira 46 zoimira kamvekedwe ka mau. Mtundu wacitatu ndi kanji, zilembo zocokera ku China zimene zimaimira tanthauzo. Mu 2010 boma la Japan linakhazikitsa mndandanda wa kanji 2,136 zogwiritsa nchito tsiku ndi tsiku, ndipo ana a kumeneko amaphunzira 1,026 mwa zimenezi m'zaka zisanu ndi cimodzi za ku pulaimale. Kuculuka kwake ndiko kumacititsa mlendo kuganiza kuti nchito yonse yagona pa kanji.

Komabe kanji kawirikawiri imanyamula tsinde la mau cabe. M'Cinyanja tsinde lakuti "dya" lipezeka mu "ndidya", "ndinadya" ndi "sindinadye", ndipo tanthauzo limasintha cifukwa ca tizigawo ta kutsogolo. M'Cijapanizi tizigawo totere timabwera kumapeto ndipo timalembedwa m'hiragana. Mau akuti tabemasu atanthauza kuti munthu adya, tabemashita kuti anadya, pamene tabemasen ndi kukana kuti sakudya. Kanji ya m'mau atatuwa ndi imodzimodzi.

Palinso timau tating'ono monga wa, ga, o ndi ni, timene timaonetsa wocita ndi wocitidwa kanthu. Ciganizo cakuti inu ga neko o oikakemashita citanthauza kuti galu anathamangitsa mphaka. Koma ga ndi o zikasinthana malo, ndiye kuti mphaka ndi amene anathamangitsa galu, ngakhale kuti kanji zonse zili pamalo ake akale.

Ici ndico cifukwa cake mabuku ayenera kusankhidwa mosamala. Buku lodziwika la James Heisig lochedwa Remembering the Kanji, limene linatuluka mu 1977, m'gawo lake loyamba limaphunzitsa tanthauzo ndi kalembedwe ka zilembo, koma siliphunzitsa kachulidwe kapena galamala. Wolisewenzetsa afunika buku lina pambali.

Mabuku a Genki, amene kampani ya The Japan Times inayamba kusindikiza mu 1999, ali ndi maphunziro 23 m'mabuku awiri. Amalongosola galamala m'Cingelezi ndi kulowetsa kanji pang'onopang'ono, zoposa 300 zonse pamodzi. Mabuku a Minna no Nihongo, amene anatuluka mu 1998, ali ndi maphunziro oyambira 50 olembedwa m'Cijapanizi cokhacokha, motero amafuna buku lina la malongosoledwe kapena mphunzitsi. Wofuna kufufuza lamulo limodzi mozama angathandizidwe ndi A Dictionary of Basic Japanese Grammar, buku la Seiichi Makino ndi Michio Tsutsui la mu 1986.

Amene alibe ndalama zogulira mabuku sanatsekeredwe kunja. Bungwe la Japan Foundation linatulutsa maphunziro ochedwa Irodori mu 2020, amene munthu angatenge pa intaneti kwaulere pamodzi ndi mau omvetsera. Nyumba youlutsa mau ya NHK ilinso ndi maphunziro aulere ochedwa Easy Japanese.

Njira yothandiza ndi kuyamba ndi hiragana ndi katakana, kenaka kusankha buku limodzi la galamala ndi kulitsatira mpaka kumapeto. Kanji ziyenera kutengedwa m'ziganizo za phunziro la sabata imeneyo. Kucita tero kumathandizanso pa kachulidwe, pakuti cilembo cimodzi cimawerengedwa mosiyanasiyana. Mwacitsanzo, kanji yoimira dzuwa kapena tsiku imawerengedwa hi, nichi kapena ka malinga ndi mau amene ilimo.

Kufunika kwa zimenezi kumaonekera pa mayeso a JLPT, amene anayamba mu 1984 ndipo kuyambira 2010 ali ndi makwerero asanu, kucokera pa N5 kufika pa N1. Mayesowa amayesa mau, galamala, kuwerenga ndi kumvetsera, ndipo wolephera kufika pa malikisi ofunika m'cigawo cimodzi amalephera mayeso onse. Kwa acinyamata a muno m'Zambia amene afuna kukaphunzira ku Japan kudzera m'thandizo la boma la dzikolo, limene amafunsira ku ofesi ya kazembe mu Lusaka, ola lililonse loperekedwa ku kanji liyenera kuyendera limodzi ndi ola la galamala.