Nyama ya Ng'ombe Kapena Nyama ya Zomera?



M'caka ca 2016 ku America anayamba kugulitsa Impossible Burger, ndiyo nyama yopangidwa ndi zomera, yooneka ngati ya ng'ombe yopera. Masiku ano aipanga ndi soya, mafuta a kokonati ndi a mpendadzuwa. Kodi wofuna kucepetsa thupi asankhe iti?

Nyama ya zomerayi iribe kolesterolo, ndipo iri ndi gaga wothandiza m'mimba, amene m'nyama ya ng'ombe mulibe. Koma m'magalamu 113 muli makalori oposa 200, pamene mnofu wa ng'ombe wopanda mafuta ambiri uli nao 200 kapena ocepera. Mcere wace uposa wa mnofuwo kanai, ndipo mcere wambiri ukweza kuthamanga kwa mwazi. Cotero dzina lakuti "zomera" palokha siliondetsa munthu.

Ma soya pieces a m'misika yathu ali ndi mafuta ocepa, pakuti soyayo ayamba amfinya mafuta. Koma mukawakazinga m'saladi wambiri, phindulo latha. Cepetsani saladi ndi nsima, onjezani nyemba ndi ndiwo zamasamba.