Kulowa n'kwina, kuloledwa n'kwina: phunziro la Cashgate kwa opanga mawebusaiti

Amene anakolola ndalama za boma pa nthawi ya Cashgate sanathyole chitseko chilichonse ku Capital Hill. Panalibe zoboola khoma kapena kumanga alonda. Chimene chinafunika ndi dzina lolowera ndi pasiwedi, ndipo makina oyendetsera ndalama za boma, otchedwa IFMIS, anawalandira ngati antchito ake okhulupirika.

Nkhaniyi inaphulika mu September 2013, ogwira ntchito m'boma a malipiro ochepa atayamba kupezeka ndi mamiliyoni m'galimoto ndi m'nyumba zawo, komanso mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, atawomberedwa pa 13 mwezi womwewo akulowa kunyumba kwawo ku Area 43 mu Lilongwe. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itafufuza mabuku inapeza kuti pakati pa April ndi September chaka chimenecho panasowa ndalama pafupifupi K24 biliyoni. Kabedwe kake kanali kosavuta. Wina amalowetsa m'makina malipiro a kampani imene sinagulitse boma ngakhale pensulo, cheke n'kutuluka, ndalama n'kukatengedwa ku banki, kenako malipiro aja n'kufufutidwa m'makinamo ngati sanachitikepo. Mayiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo la pafupifupi $150 miliyoni, ndipo ululu wake unakafika m'zipatala ndi m'masukulu.

Lero ntchito zambiri zasamukira pa intaneti. Msonkho, zotsatira za mayeso, ngongole za m'ma SACCO, malipiro a antchito, zonsezi zikudutsa m'mapulogalamu amene munthu amatsegula pa foni kapena pa kompyuta. Ena mwa mapulogalamuwa akumangidwa ndi anyamata ndi atsikana athu omwe. Pulogalamu iliyonse yotere imayenera kuyankha mafunso awiri pa aliyense wogogoda. Loyamba ndi lakuti, kodi ndiwe ndani? Lachiwiri ndi lakuti, nanga ukuloledwa kuchita chiyani? Khama la ambiri limathera pa funso loyamba, koma ndalama zimatayikira pa lachiwiri.

Ndiwe ndani?

Pasiwedi ya pa kompyuta inayambira ku sukulu yaukachenjede ya MIT ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene gulu la a Fernando Corbató linafuna kuti anthu ambiri azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi popanda kusuzumirana mafayilo. Sipanapite nthawi, wophunzira wina anasindikiza mndandanda wonse wa mapasiwedi pofuna kuba nthawi ya anzake pa makinawo. Kuyambira pamenepo lamulo loyamba linadziwika: wosunga mapasiwedi asawasunge m'mene alili.

Pulogalamu yomangidwa bwino siidziwa pasiwedi ya munthu. Ikailandira imaipera ndi masamu apadera mpaka kutsala mzere wa zilembo ndi manambala umene sungabwezedwe kuti ukhalenso pasiwedi, ndipo chimene imasunga ndi mzere umenewo. Munthu akabweranso, zimene walemba zimaperedwa chimodzimodzi, mizere iwiriyo n'kufanizidwa. Asanapere amathirako kaye zilembo zina zosankhidwa mwachisawawa, zosiyana kwa munthu aliyense, kuti anthu awiri a pasiwedi yofanana asatulutse mzere wofanana. Njira zodalirika, monga bcrypt ya mu 1999 ndi Argon2 imene inapambana mpikisano wa akatswiri mu 2015, zinapangidwa dala kuti zizichedwa. Mwini akaunti sazindikira n'komwe kuchedwako, koma wakuba wofuna kuyesa mapasiwedi mamiliyoni kumamuthera zaka.

Onyalanyaza lamuloli alipira mtengo waukulu. Mu 2009 kampani ya RockYou inaberedwa mapasiwedi pafupifupi 32 miliyoni amene inangowasunga poyera, ndipo mndandanda umenewo akuba akuugwiritsabe ntchito mpaka lero. Mu 2012 LinkedIn inaberedwa ake, operedwa ndithu koma ndi njira yofulumira komanso osathira zilembo zowonjezera zija, ndipo ambiri anatulukiridwa m'masiku ochepa.

Munthu akatsimikizika, seva imapatsa foni kapena kompyuta yake chiphaso chakanthawi, chimene chimaonetsedwa nthawi iliyonse akatsegula tsamba lina. Wakuba akapeza chiphasocho safunanso pasiwedi. N'chifukwa chake chiyenera kuyenda pa HTTPS pokha, chizitha mphamvu munthu akakhala nthawi osachita kanthu, ndipo chizifa pomwepo akatuluka. Wolakwitsa pasiwedi kangapo motsatizana aziyamba wadikira. Ndipo kwa aliyense wogwira ndalama kapena zinsinsi za anthu, pasiwedi yokha siikwana. Pafunika umboni wachiwiri, monga nambala yakanthawi yotuluka pa foni yake.

Zonsezi n'zofunika, koma palibe chifukwa choti wopanga pulogalamu azipange yekha kuyambira pansi. Zida zomangira mawebusaiti monga Django ndi Laravel zimabwera nazo kale, zoyesedwa ndi anthu ambirimbiri. Chimene chida chilichonse sichingamuchitire ndi kuyankha funso lachiwiri lija.

Udindo, osati munthu

Kale zilolezo zinkaperekedwa kwa munthu payekhapayekha. Uyu aziona fayilo iyi, uyo azisintha iyo. M'bungwe la antchito mazana, pakatha zaka zochepa palibenso amene amadziwa kuti ndani akutha kuchita chiyani. Munthu akasamutsidwa ofesi amawonjezeredwa zilolezo zatsopano, zakale osalandidwa, mpaka kalaliki wokhalitsa amakhala ndi mphamvu zoposa za bwana wake.

Mu 1992 a David Ferraiolo ndi a Rick Kuhn a bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, anaika m'ndondomeko njira ina, imene mu 2004 inavomerezedwa kukhala muyezo wa dzikolo. Njirayi imadziwika ndi zilembo zakuti RBAC. Mfundo yake ndi yakuti chilolezo chisamamatire munthu koma udindo, ndipo munthu azipeza chilolezo pokhapokha wapatsidwa udindowo.

Tiyerekeze SACCO ya aphunzitsi imene ikufuna pulogalamu ya pa intaneti. Wopanga pulogalamu amasunga mindandanda itatu. Woyamba ndi wa anthu. Wachiwiri ndi wa maudindo: membala, kalaliki wa pawindo, woona za ngongole, manijala ndi wofufuza mabuku. Wachitatu ndi wa zochita: kuona ndalama za mu akaunti, kulandira zosungitsa, kulemba pempho la ngongole, kuvomereza ngongole, kutulutsa ndalama. Kenako amalumikiza zochita ku maudindo, maudindo kwa anthu. Membala amaona akaunti yake yokha. Kalaliki amalandira ndalama koma sangavomereze ngongole. Woona za ngongole amalemba pempho koma sangalipire. Wofufuza mabuku amaona chilichonse koma sangasinthe ngakhale tambala. Kalaliki akakwezedwa, amachotsedwa pa udindo wakale n'kuikidwa pa watsopano, ndipo zilolezo zakale zimagwa zokha tsiku lomwelo.

Akuluakulu anati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwambiwu timaunena modandaula tikamakamba za katangale, koma kwa wopanga pulogalamu ndi malangizo a ntchito. Iye sangasinthe mtima wa mbuzi, koma kutalika kwa chingwe kuli m'manja mwake. Akatswiri awiri, a Jerome Saltzer ndi a Michael Schroeder, anailemba mfundoyi mu 1975, kuti aliyense apatsidwe mphamvu zokhazo zimene ntchito yake ikufuna, osapitirira.

Palinso mfundo inzake imene owerengera ndalama anaidziwa makompyuta asanabwere, yakuti ntchito ya ndalama isathere m'manja amodzi. Wolemba vocha asakhale woivomereza, woivomereza asakhale wolipira. Pa pepala lamuloli limadalira chikumbumtima cha anthu. M'pulogalamu limatha kukhala khoma lenileni, chifukwa makina akhoza kukana kupatsa munthu mmodzi maudindo awiri otsutsana, ndiponso kukana manijala kuvomereza ngongole imene walemba yekha kapena yopita ku akaunti yake.

Kubisa batani si kutseka

Apa ndi pamene opanga mapulogalamu ambiri amapunthwa. Amachotsa batani la "vomereza" pa tsamba la kalaliki n'kumati ntchito yatha. Koma batani ndi chithunzi chabe. Chimene chimavomereza ngongole ndi uthenga wopita ku seva, ndipo munthu wodziwako pang'ono akhoza kuutumiza popanda batanilo. Ngati seva siifunsa yokha kuti wotumizayu ali ndi udindo wanji, kalaliki wavomereza ngongole. Choncho funso la chilolezo liyenera kufunsidwa pa seva, pa pempho lililonse, ndipo chimene sichinaloledwe mwachindunji chikhale chokanidwa. Ngakhale malamulo a intaneti amasiyanitsa mayankho awiriwa: 401 imatanthauza kuti sitikukudziwa, 403 imatanthauza kuti tikukudziwa koma pano sulowa.

Udindo pawokha sukwananso. Mamembala onse a SACCO ija ali ndi udindo umodzi, ndipo onse amaloledwa kuona akaunti. Koma akaunti ya yani? Ngati adiresi ya tsamba ikuthera ndi nambala 4521, chingachitike n'chiyani membala atasintha n'kulemba 4522? Mu May 2019 mtolankhani Brian Krebs anaulula kuti webusaiti ya First American, kampani yaikulu ya inshuwalansi yokhudza kugula nyumba ku America, inasiya poyera zikalata pafupifupi 885 miliyoni, zina za mu 2003. Aliyense wokhala ndi adiresi ya chikalata chimodzi ankangosintha nambala n'kuona cha munthu wina, chokhala ndi manambala a ku banki ndi zina zachinsinsi, popanda ngakhale kufunsidwa pasiwedi. Si nkhani ya kampani imodzi. Bungwe la OWASP, limene limatulutsa mndandanda wa zoopsa khumi zazikulu za mawebusaiti, mu 2021 linaika kulephera kuteteza zilolezo pamwamba pa zonse.

Nanga woyang'anira amamuyang'anira ndani?

Pulogalamu iliyonse imakhala ndi akaunti yamphamvu zonse, ija amati ya admin. Pa 15 July 2020 maakaunti a Twitter a anthu otchuka monga a Barack Obama, a Joe Biden ndi a Elon Musk anayamba kulonjeza anthu kuti akatumiza ndalama za bitcoin abwezeredwa kawiri. Akubawo, mmodzi mwa iwo mnyamata wa zaka 17 wa ku Florida, sanabe pasiwedi ya a Obama. Anangoimbira foni antchito a kampaniyo, kuwapusitsa, n'kufikira zida zoyang'anira maakaunti onse. Bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linanena kuti anthu oposa 1,000 anali ndi mwayi wogwiritsa ntchito zida zoterozo.

Mphamvu zotere zikhale kwa anthu ochepa, aliyense ndi dzina lakelake, ndipo woyang'anira makina asakhale ndi gawo pa kulipira ndalama. Chilichonse chochitika chilembedwe, kuti wachita ndani, liti, ndipo wasintha chiyani, m'kaundula amene ngakhale admin sangathe kumukonza. Apa mpamene Cashgate ikuluma kwambiri. M'pulogalamu ya ndalama chilolezo chofufuta malipiro sichiyenera kupezeka kwa wina aliyense. Malipiro olakwika amakonzedwa polemba ena owabweza, onse awiri n'kumaonekabe.

Zimene makina sangathe

M'maofesi ambiri mawu akuti "tandibwerekeni pasiwedi yanu, ndikufuna ndingomalizitsa izi" samveka achilendo. Bwana popita ku maliro amasiyira mlembi wake pasiwedi kuti ntchito isaime, ndipo amaona ngati wachita zaumunthu. Koma tsiku limenelo wolemba ndi wovomereza akhala munthu mmodzi, ndipo kaundula uja akunama. Wopanga pulogalamu wanzeru sangokalipa. Amakonza njira yoti bwana asiyire wina udindo kwa masiku owerengeka, wogwirizirayo azilowa ndi dzina lake, nthawi ikakwana udindowo uzibwerera wokha.

Maakaunti oiwalika nawo ndi msampha. Mu May 2021 kampani ya Colonial Pipeline, imene mapaipi ake amatumiza mafuta kum'mawa kwa America, inaimitsa ntchito kwa masiku angapo ndipo inalipira akuba $4.4 miliyoni. Iwo analowera pa akaunti yakale imene sinkagwiritsidwanso ntchito koma inali isanatsekedwe, yotetezedwa ndi pasiwedi yokha. Tsiku limene munthu wasiya ntchito likhalenso tsiku lomaliza la akaunti yake.

Kuno ku Malawi malamulo alipo. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa intaneti limaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo, ndipo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, limapereka udindo kwa bungwe lililonse losunga mbiri ya anthu. Koma lamulo limafika ndalama zitapita kale.

Chimene chingatchinjirize chimachitika pulogalamu isanalembedwe, ndipo si ntchito ya mnyamata wa makompyuta yekha. Iye sangadziwe kuti m'bungwe lanu woyenera kuvomereza ngongole ya K5 miliyoni ndi ndani. Akapanda kuuzidwa amapatsa aliyense zambiri kuti asamavutitsidwe ndi mafoni. Eni bungwe akhale pansi, alembe maudindo onse ndi zimene udindo uliwonse ukuloledwa, asayinire, ndipo aziunikanso mndandandawo chaka ndi chaka. Polandira pulogalamuyo asakhutire ndi kukongola kwa masamba ake. Alowe ngati kalaliki n'kuyesa kuvomereza ngongole. Alowe ngati membala n'kusintha nambala ya pa adiresi. Apemphe admin kuti afufute malipiro a dzulo iwo akuona. Chimodzi mwa zitatuzi chikatheka, cheke cha wopanga pulogalamu chiyambe chadikira.