Bowo lapambali pa makina a lathe

Ku Matundo, tsidya la mlatho wa Samora Machel ku Tete, ndinaona mmisiri akukonzekera kuboola chitsulo cha thiraki pa lathe. Bowo linkafunika pambali, osati pakati. Ine ndinkaganiza kuti asuntha choboolera, koma sanachikhudze.

Pa lathe chimazungulira ndi chitsulocho, choboolera chimangodikira, ndiye bowo limagwera pamtima pa kuzungulirako basi. Choncho mmisiri amakhoma kadontho pofunika bowo, n'kumanga chitsulo m'mano anayi a makinawo. Amagunditsa kandodo kosongoka pakadonthopo, akuzunguliza chitsulocho ndi dzanja. Kandodo kakamagwedera, amamasula dzino limodzi n'kumanga loyang'anizana nalo, monga timawongolera limu ya njinga ndi masipoko. Kakangoti zii, ndiye kuti kadontho kafika pamtima, amaboola.

Mukamupeza ali pa ntchito imeneyi, musamufulumizitse.