Chotsani kabati pawindo, antchito agone bwino

Munthu akamasinza padesiki cha m'ma 2 koloko masana, timathamangira kunena kuti ndi nsima ya nkhomaliro. Nsimayo ili ndi mlandu wake, koma ine ndikuloza chala mdima wa m'maofesi mwathu.

Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina kumudzi kuno, ndipo maofesi ambiri amene ndimalowamo ndi ofanana: makatani otseka tsiku lonse, kabati ya mafayilo itatchinga windo, kababu kamodzi kali lende kudenga. Timati tikuona bwinobwino. Maso akuonadi, koma ubongo ukuyesa kuti kunja ndi chisisira.

Mu ubongo muli kachigawo kogwira ntchito ngati wotchi, ndipo kamatchera nthawi potengera kuwala kolowa m'maso. Kukada, thupi limatulutsa homoni yotchedwa melatonin, yomwe imaitana tulo. Kuwala kwamphamvu kwa m'mawa kumailetsa, munthu n'kukhala tcheru. Kuwala amakuyeza m'malakisi: ofesi yowala bwino imakhala ndi malakisi pafupifupi 500, pomwe panja dzuwa likaswa mtengo amatha kufika 100,000. Ndiye kababu kathu kaja kangauze chiyani wotchiyo?

Mu 2014 akatswiri a ku Northwestern University ndi University of Illinois ku America adafalitsa kafukufuku wa anthu 49 ogwira ntchito masana, 27 m'zipinda zopanda mawindo, 22 m'zamawindo. Mwa amene adavala makina oyeza tulo, a m'zipinda zamawindo ankagona mphindi pafupifupi 46 kuposa anzawo usiku uliwonse. Anthuwo ndi ochepa, inde, koma mphindi 46 si masewera kwa mlembi wowerengera ndalama kapena mphunzitsi wochonga mayeso.

Chondidabwitsa n'chakuti masana timathawa kuwala, usiku n'kumakufunafuna. Sola itafika m'midzi, ambiri timagwira ntchito pansi pa babu loyera mbee mpaka usiku, kenako foni kumaso tili pabedi. Kuwala koteroko kumachedwetsa melatonin.

Ena amati makatani amateteza ku fumbi ndi maso a akuba. Za akuba ndikumva, koma mawindo ambiri ali kale ndi zitsulo. Abwana a maofesi ndi aphunzitsi aakulu, sunthani kabatiyo, madesiki ayandikire windo, ndipo tiyi wa 10 koloko antchito azikamwera panja. Zonsezi sizifuna bajeti, ndipo zimagwira ntchito ngakhale tsiku limene magetsi azima.