Bafa latsopano koma lozizira ku New York

Munthu akafuna kukonzanso bafa lake, maganizo amathamangira ku matailosi owala, shawa yatsopano ndi sinki yooneka bwino. Koma mumzinda wa New York m'dziko la America, mwini nyumba yakale amayamba wadzifunsa funso lina: kodi mwezi wa Januwale ukafika, muno mudzafunda ndi chiyani?

Funsoli si lamasewera. M'nyengo yachisanu kumeneko kumazizira mpaka madzi kuundana, ndipo madzi akaundana m'paipi amaiphulitsa. Choncho bafa lozizira silivutitsa agogo ndi ana okha posamba, lingathenso kuonongetsa khoma ndi siling'i ya chipinda chapansi pake.

Lamulo la mzindawo limati kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Meyi, mwini nyumba ya lendi aonetsetse kuti masana m'nyumba mukufunda madigiri osachepera 20 ngati kunja kwazizira kutsika madigiri 13. Usiku asatsike pa madigiri pafupifupi 17.

Chomwe chimafunditsa nyumba zambiri zakale ndi nthunzi. Lipoti la bungwe la Urban Green Council la m'chaka cha 2019 lidati mwa nyumba zikuluzikulu 100 zilizonse zokhalamo mabanja ambiri mumzindawo, pafupifupi 80 zimadalira nthunzi.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva kwa aliyense amene adaonapo chivundikiro cha ketulo chikuvina. M'chipinda chapansi pa nyumba mumakhala boiler, thanki yowiritsira madzi ndi gasi kapena mafuta. Nthunzi imakwera yokha m'mapaipi, popanda pampu, kukafika mu rediyeta ya m'chipinda chilichonse. Rediyetayi ndi chitsulo cholemera, cha mtundu wa ayironi yamakala ija, chochedwa kutentha komanso chochedwa kuzizira. Nthunzi ikasiya kutentha kwake m'chitsulomo imasandukanso madzi, ndipo madziwo amatsikira ku boiler. M'nyumba zambiri nthunzi yokwera ndi madzi otsika zimadutsana m'paipi imodzi yomweyo.

Tsono vuto limayambira apa. Mabafa a nyumba zimenezi ndi aang'ono, ndipo chitsulocho chimadya malo. Utoto wake udakanganuka kalekale, pansi pake mopu siifika. Wokonza bafa aliyense akachiyang'ana, mtima umamuuza kuti achichotse.

Komanso nthawi zambiri chimatentha mopitirira muyeso. Dan Holohan, katswiri amene adalemba buku la The Lost Art of Steam Heating, amafotokoza kuti utatha mliri wa chimfine wa 1918, anthu ankalangizidwa kugona mawindo ali otsekula kuti mpweya uzilowa. Amisiri adayamba kuika zitsulo zazikulu zoti zifunditse chipinda ngakhale windo lili pululu. Lero mawindo ndi amakono, otseka bwino, koma zitsulo ndi zomwe zija.

Ena amati angochisuntha chikakhale pakona. Zimatheka, koma paipi ya nthunzi siyenda paliponse ngati ya madzi akumwa. Iyenera kutsetsereka pang'ono kubwerera ku boiler kuti madzi asaime. Madzi akaima, nthunzi imawakankha mwamphamvu nkuwamenyetsa pokhota paipi, ndipo nyumba yonse imamva ngati wina akukhoma chitsulo ndi hamala pakati pa usiku. Pulambala wozolowera mipopi ya madzi okha angathe kulakwitsa pamenepa, ndipo cholakwikacho chimadziwika matailosi atamatidwa kale.

Nanga kugula kachitsulo kamakono kopyapyala, kokoloweka pakhoma, komwe amayanikapo thawulo? Kamaoneka bwino m'sitolo. Koma tambiri mwa tizitsulo timeneti tidapangidwira nyumba zofunda ndi madzi otentha oyendetsedwa ndi pampu, osati nthunzi. M'mapaipi a nthunzi mumalowa mpweya nthawi iliyonse boiler ikazima, ndipo chitsulo chopyapyala chimachita dzimbiri msanga. Chimaziziranso msanga. Boiler ikapuma, zipinda zina zimakhala zikufundabe ndi zitsulo zakale pomwe m'bafa mwazizira kale.

Tilipo tina toyendera magetsi. Timeneti sitivuta kuika, koma tambiri timadya magetsi ngati babu limodzi kapena awiri akale aja. Thawulo limauma ndithu, wosambayo nkumanjenjemerabe.

Njira yomwe anthu ambiri amaikonda ndi yoyala waya wamagetsi pansi pa matailosi. Poti pansi pagumulidwa kale, ino ndiye nthawi yake. Wayayo amatulutsa mawati pafupifupi 130 mpaka 160 pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo phazi likaponda m'mawa limamva kufunda. Ubwino wina ngwakuti sadikira boiler. M'mwezi wa Seputembala kukayamba kazizi boiler isanayatsidwe, bafa limafunda lokha.

Komabe wayayu sayalidwa pansi pa bafa losambiramo kapena kabati, kotero m'kachipinda kakang'ono malo otsala ndi ochepa. Ngati bafalo lili ndi windo ndi khoma loyang'ana kunja, kutentha kwake kumaperewera masiku ozizira kwambiri. Pamafunikanso chida chodula magetsi msanga akakumana ndi madzi, ndipo m'nyumba ya mawaya akale pangafunike kukoka waya watsopano kuchokera ku bokosi. Kwa okhala m'mafulati pali nkhani ya thumba: nthunzi nthawi zambiri imakhala kuti yawerengeredwa kale mu lendi, pomwe bilu yamagetsi ndi yako wekha, ndipo magetsi ku New York ndi okwera mtengo.

Amene ali ndi nyumba yakeyake ali ndi mwayi wina. Mmisiri wodziwa angathe kutenga madzi otentha a kunsi kwa boiler, nkuwayendetsa ndi kapampu kupita ku bafa. Madziwo atha kufunditsa kachitsulo ka thawulo kaja, kapena kuchepetsedwa ukali nkudutsa m'mapaipi apulasitiki pansi pa matailosi, momwe nthunzi yeniyeni singaloledwe. Ndi ntchito yabwino koma yodula, yovuta kuilungamitsa pa kachipinda kamodzi.

Poona zonsezi, nzeru yotchipa ikuoneka kuti ndi kusiya chitsulo chakale pamalo pake, kuchipala, kuchipaka utoto wopirira kutentha, kapena kuchisintha ndi chocheperapo cha mtundu womwewo. Waya wa pansi abwere ngati wothandizira chabe. Chitsulo chomwe chafunditsa anthu zaka pafupifupi 100 sichisowa magetsi, chilibenso injini yoti ingafe.

M'mabafa ena mulibe nkomwe rediyeta. Chofunditsa ndi paipi yokwera kupita ku nyumba zam'mwamba, yoima pakona ili yosakuta. Paipiyi imatentha pafupifupi madigiri 100, moti mwana akaigwira amapsa. Okonza ambiri amaitsekera m'khoma, nkudabwa kuti bafa lazizira. Ochenjera amaikuta chigawo cham'munsi chokha, pomwe mwana angafikire, nkusiya cham'mwamba chizifunditsa.

Mapaipi ena akale adakutidwa ndi asbestos, yemwe fumbi lake limayambitsa matenda a m'mapapo, kotero womuchotsa ayenera kukhala wachilolezo. Ndipo poti paipi ya nthunzi siidulidwa boiler ikuyaka, ntchito yotere amakonda kuigwira pakati pa Juni ndi Seputembala, anansi a m'mwamba asanayambe kufuna kufunda.